Chotsani Thabwa Pangalande ya Azakhali

South Bend, Indiana
Lamulungu, 28 Julaye 2024

Okondedwa Achimwene a Dixon,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Lisungwi, inu, alamu ndi ana? Nanga Amayi, bondo lija likuwalola kufika kutchalitchi? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi, n'chifukwa chake ndagwira cholembera. Ndikanatha kutumiza voisi monga mwa masiku onse, koma ndinamva kuti mavoisi anga mumawaika pasipika pagolosale kuti aliyense amve za ku Amereka. Kalatayi abwera nayo a Mervin, amene akunyamuka Lachitatu. Muiwerengere m'nyumba.

Kuno kwatentha koopsa. Anthu kwathuko amaganiza kuti kuno ndi chisanu chokhachokha, koma Julaye wa kuno sasiyana ndi Okutobala wa ku Nchalo. Mwana wanga Tiffany ali paholide. Ndikamulankhula Chichewa amamva zonse bwinobwino, koma amandiyankha m'Chingerezi ngati ndabwera kudzafunsira ntchito. Ntchito yanga ndi yomwe ija yosamalira agogo a Kowalski, mzungu uja anali mphunzitsi wa mbiri yakale. Ndipo nkhani yanga yayambira kwa iwowo.

Achimwene, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Lamulo la madzi lija ndinakutumizirani mwezi wa Meyi ndinalimva theka.

Mukumbukira kuti munandidandaulira kuti chiyambireni kusefa mchenga kufuna golide, madzi a m'ngalande yathu sakukwanira, chifukwa azakhali nawo akuthirira matimati kumunsi kwanu. Sabata yomweyo, ndikuwadyetsa phala la masana, agogowa anayamba kundifotokozera za anthu okumba golide ku California zaka zoposa zana zapitazo. Anati golide popanda madzi sangasefedwe, ndiye anthuwo ankapatutsa mitsinje ndi ngalande zazitali, ndipo poti makhoti anali kutali anadzipangira lamulo lawo. Woyamba kupatutsa madzi n'kukhomera chikwangwani pamtengo ndiye mwini madziwo, wobwera pambuyo alandire zotsala. Pogawa madzi ankatseka ndi thabwa, n'kuboola bowo la inchi imodzi. Ine ndinamva ngati Mulungu wayankha pemphero lanu kudzera mwa mzungu. Ndinalemba zonse kuseli kwa pepala la mankhwala. Nditadzutsa mutu ndinapeza agogo agona, supuni ili m'manja. Ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Inu munachita zonse monga ndinanenera, poti Bambo ndi amene tinkadziwa kuti anakumba ngalandeyo. Munakhomera katoni pamtengo wa mango, n'kuika thabwa la bowo limodzi panjira ya madzi a azakhali. Ndinamva kuti azakhali atawona anati madziwo akutuluka ngati mbuzi ikukodza. Pepani mawuwo, ndi awo si anga. Koma ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo limenelo ndi tchimo loyamba.

Lachiwiri ndinalichita kuno. Kuseli kwa tchalitchi chathu anatipatsa kamalo kolimapo, ndipo Amalawi tonse tili ndi mizere yathu ya chibwabwa, mpiru ndi bonongwe. Mpopi ndi umodzi, paipi ndi imodzi, ndipo tonse timabwera Loweruka m'mawa. Pali Mai Tusekele, nesi wa ku Karonga, amene akagwira paipi amaiwala kuti akulima masamba osati mpunga. Tsiku lina ndinadikira ola lathunthu padzuwa iwo akuthirira uku akuimba. Poti ine ndinali woyamba kudzala chaka chino, ndinalemba chikwangwani, n'kuchikulunga m'pulasitiki, n'kuchimangirira pampopi. Chinkanena kuti madzi awa anayamba kuwatunga ndi Chrissie pa 11 Meyi, ena onse adikire. Pansi pake ndinaikapo ndi vesi. Vesiyo ndi imene ikundisowetsa mtendere kwambiri.

Mai Tusekele anawerenga kawiri atavala magalasi. Kenako anandifunsa mwaulemu ngati m'chibwabwa changa mwapezeka golide, kuti nawonso akagule beseni. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Mai Golide. Ngakhale abusa linawapulumuka polengeza za mvano, kenako anatsokomola.

Mwezi uno ndinapita ku Indianapolis kukathandiza kuphika paukwati wa Shalom, mwana wa a Mthunzi aja tinkapemphera nawo ku Blantyre. Ndi ulendo wa maola oposa awiri, ndiye ndinatenga tchuthi n'kukhala komweko kuyambira phwando la amayi mpaka ukwati weniweniwo, Maloweruka awiri. Ukwati unayenda bwino. Vuto linali lakuti pochokera kogula ufa ndi nsomba zouma ku Lafayette Road ndinasochera n'kukapezeka ku Speedway, kumene kuli bwalo la mpikisano wa magalimoto. Ndikukhulupirira kuti palibe munthu anadiraivapo pang'onopang'ono m'tauni imeneyo kuposa ine. Anandiimbira mahutala mpaka ndinayamba kuimba nyimbo ya maliro.

Nditabwerera ndinathamangira kumunda. Ndinapeza chikwangwani changa chatembenuzidwa, kuseli kwake kwalembedwa zina. A Lucious, mkulu wa mpingo wathu, anali atagugula lamulo lija pafoni, n'kupeza theka lina limene agogo anagona nalo. Akuti amene wasiya kugwiritsa ntchito madzi ake, madziwo si akenso, amatenga wotsatira. Wotsatira anali Mai Tusekele. Ndinapita kumizere yanga ndikuyembekezera kupeza masamba ouma ngati fodya.

Achimwene, chibwabwa chinali chobiriwira kuposa mmene ndinachisiyira. Mayiwo ankachithirira tsiku ndi tsiku pochokera kushifiti. Komanso tsiku ndi tsiku ankajambula chithunzi n'kuponya pagulupu ya mpingo, imene ine sindinaitsegule chifukwa cha mapoto a ukwati. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalemba kuti tikuthirira mgodi wa Mai Golide, tipempherereni. Anthu makumi anayi analemba ameni. Makala a moto pamutu ndinkangowamva paguwa, koma sindinkadziwa kuti akabwera ndi zithunzi amaotcha chonchi.

Lolemba ndinawafunsa agogo a Kowalski m'mawa, asanadye chilichonse chogonetsa. Anavomera kuti a Lucious akunena zoona. Nditawafotokozera za mpopi anaseka mpaka kapaipi ka mpweya kanachoka pamphuno, ine n'kumathamanga kukabwezeretsa. Anati okumba golide aja lamulolo silinawapatse mtendere ayi, ankagumulirana ngalande ndi kukokerana kumakhoti zaka ndi zaka. Ndiye anandifunsa ngati pali winanso amene ndamuyesera lamuloli. Ndinati azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga. Kuseka kunatha. Ananena kuti amuna aja abale awo onse anawasiya kutali, ndipo lamulo lawo linali la anthu osadziwana, oti sadzakumana pamaliro. Anati m'mabuku onse amene anawerenga sanapezemo wokumba golide amene anali ndi azakhali kumunsi kwa ngalande.

Koma chimene chandilembetsa kalata mothamanga ndi ichi. Lachisanu ndinaimbira Amayi, ndipo pocheza ndinawafunsa chaka chimene Bambo anakumba ngalande ija. Amayi anadabwa, anati Bambo ake ati? Akuti ngalandeyo anakumba ndi azakhali ndi malemu amuna awo chaka cha chilala cha 1992, Bambo ali pantchito ku Nkula. Bambo atabwera anachita kupempha kuti apatutseko kanjira kopita kudimba kwathu, ndipo azakhali anavomera osafunsa kanthu. Ndinawafunsa Amayi chifukwa chimene sananenere pamene munkakhoma katoni. Anati ankayesa ndi malamulo a ku Amereka, iwo ndani kuti atsutsane ndi anthu ophunzira.

Ndiye mwaona pamene tili. Tikatsata lamulo langa lomwe lija, madzi onse ndi a azakhali, ndipo bowo la inchi ndi lanu. Azakhali sakudziwa kuti lamulolo lili mbali yawo, akungotunga ndi ndowa kumtsinje pa msinkhu wawo uja, matimati akufota. Koma Upile, mwana wawo amene akuphunzira zamalamulo ku Zomba, akubwera kuholide mwezi wamawa. Mtsikana ameneyo ali sitandade faifi anatsutsa abusa pa chiwerengero cha ana a Yakobo, ndipo anapambana. Akawerenga katoni ija tatha.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku limene kalatayi ifike, chotsani thabwa lija. Musadikire kuti mupemphere kaye, ndapemphera kale ine. Katoni muyiotche, musaisunge poti ndi yabwino kuyanikirapo chinangwa, ndimakudziwani. Mchenga wanu muzikasefera kumunsi kwa dimba la azakhali, kuti iwo azilandira madzi oyera, inu otsala. Sindikunyoza ntchito yanu, koma Amayi akuti golide amene mwapeza chiyambire Meyi sangatseke ngakhale bowo la dzino lawo, pamene matimati a azakhali ndi amene amadyetsa nyumba yonse ija.

Azakhali akafunsa kuti nzeru imeneyi inachokera kuti, musawanamizire azungu. Nenani kuti ndi Chrissie. Kuno ndaulula kale lero pamaso pa mpingo. Nditamaliza, a Lucious anati akumbuyo sanamve bwino, ndibwerezenso pamaikolofoni, ndipo ndinabwereza. Mai Tusekele anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti paipi ndizigwira Loweruka lililonse iwo akamaliza. Ndinati zikomo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mafuta opaka pabondo ali m'chikwama cha a Mervin. Moni kwa alamu anga a Sophia, kwa ana onse, kwa amalume ndi akumpingo. Tiffany akuti moni, wanena m'Chingerezi koma ndi moni ndithu.

Azakhali okha musawapatse moni wanga msanga. Muyambe mwachotsa thabwa, muime pomwepo mpaka muone ndi maso anu kuti madzi afika pa phando lomaliza la matimati. Pamenepo ndiye muvule chipewa, muwauze kuti mwana wa mchimwene wawo ali ku Amereka akupepesa ndipo akufunsa ngati adzuka bwanji. Moni wouma sangaulandire, ndipo ine sindingawadandaule.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu wolapa,
Chrissie