Nyundo ya malume pa kiyibodi yathu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nselema tilipo, kungoti njala yakula. Amayi akudya kamodzi patsiku ndipo miyendo yayamba kutupa.

Kompyuta munatumiza ija inafika, zikomo. Koma kiyibodi yathu yakale ili ndi pulagi yozungulira, pamene mabowo a kompyutayi ndi ophwatalala, a USB okhaokha. Mayina a olandira chimanga cha Boma, omwe anandipatsa kuti ndilembe, akufunika otayipa pofika Lachisanu, choncho ndinapita ku Balaka kukagula adaputa yolumikizira ziwirizi.

Pobwera ndinapeza malume, Che Jafali, nyundo yokonzera njinga ili m'manja. Pulagi ija anali ataisula mpaka kuphwatalala.

"Mphwanga, wangovutika ndi ulendo," anatero. "Chozungulira chingalowe pafulati? Ndakuwongolera!"

Ndinatola pulagi ija, adaputa ili m'thumba. Nditawerenga timapini ta m'kati mwake, pa sikisi panatsala kamodzi kokha.

Mayina ndalemba pamanja, la amayi lili momwemo, koma sindikudziwa ngati ku Boma akawalandira osatayipa. Chonde tumizani kiyibodi ina ndi aliyense wobwera kuno. Malume akuti ikafika adzaione kaye, ndiye nyundo ija ndabisa.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Saidi