Nsalu Imene Anavala Amayi Anu

Nazombe,
Phalombe.
20 Epulo 2026

Okondedwa mwana wanga Rejoice,

Cholinga cha kalatayi ndi kukufotokozerani zimene anachita amayi anu pamsonkhano wa komiti ya chitukuko Lachiwiri lapitali. Ndikudziwa kuti ena akuimbirani kale foni ku Mzuzuko, ndipo nkhani ikadutsa pakamwa pa anthu ambiri imafika itapindika. Ine, monga mlembi wa komitiyo, ndinalipo ndipo ndinaona ndi maso anga.

Khonsolo ya ku Boma inatiuza kuti tisankhe ntchito imodzi yoti iyambe chaka chino. Ntchito zinalipo ziwiri: shedi ya pamsika, kutsidya kwa a Goliati, khansala wathu watsopano, ndi mlatho wa pamtsinje wathu, umene unakokoloka ndi madzi osefukira. Musaganize kuti shediyo ndi yopanda pake. Amayi ogulitsa nandolo ndi tomato amakhala padzuwa ndi pamvula, ndipo a Goliati anawalonjeza pa kampeni. Koma kunali manong'onong'o akuti tsidya lathu linavotera chipani china, choncho liyenera kudikira.

M'mawa wa tsikulo ndinapeza amayi anu atavala nsalu ya chipani chogonjacho. Ndinawadzudzula.

"Amake Rejoice, vulani nsaluyo. Mukufuna mlatho utithawe chifukwa cha chitenje?"

"Inu kalembeni zanu, abambo," anatero, natsogola.

Titafika pabwalo la sukulu, anyamata a chipani cha a Goliati anayamba kuwaseka. Mmodzi, dzina lake Brown, anakuwa kuti, "Mayi, mwasochera! Msonkhano wa ogonja unatha kalekale!" Anthu anafa nacho chiseko. Ine ndinaweramira papepala langa, pakuti mlembi salowerera mikangano.

Amayi anu anakweza dzanja, ndipo wapampando wathu, mayi Eliness, anawapatsa mpata.

"A khansala, ine sindinasochere," anatero. "Pa kampeni ndinalandira nsalu ziwiri, iyi ndi ya chipani chanu. Wosauka sakana nsalu. Yanuyo ndiyo inali yolimba, ndiye mu Januwale, mwana wanga Eveles matenda atamuyamba, tinaimanga pamtengo ngati machila n'kumunyamula ulendo wa kuchipatala. Tinapeza mtsinje utadzaza. Anachirira pomwepo pagombe. Mwana sanalire. Tinamukulunga m'nsalu yanu yomweyo. Mukaifuna, ili kumanda. Nanga lero ndikanavala iti?"

Rejoice, za mng'ono wanu mukudziwa. Koma za nsaluyo ngakhale ine sindinkadziwa, chifukwa mtayo amaika ndi amayi okhaokha, ife amuna sitiyandikira ndipo sitifunsa. Mawu a amayi anuwo sindinawalembe pa nthawiyo. Cholembera changa chinali bwinobwino.

A Goliati anavula chipewa cha chipani nachiika pamwendo.

"Mayi, zimenezi palibe anandiuza. Amandiuza za mavoti zokha."

Atatero anatembenukira kwa amayi a pamsika. "Ndinakulonjezani shedi pamaso pa anthu. Mundimasula kapena ayi?"

Mtsogoleri wawo, mayi Shakira, anayankha atakhala pansi. "Dzuwa limatiwotcha, bwana, koma silinatiphere mwana. Pitani mukamange mlatho. Komatu chaka chamawa tikadzakufunsani za shedi, musadzatiyankhe m'Chingelezi."

Apa anthu anasekanso, ngakhale ena ankapukuta m'maso. Brown sanaseke. Msonkhano utatha anawanyamulira amayi anu mpando.

Sindikukulonjezani kuti mlathowo umangidwa msanga, pakuti zinthu zimasintha zikafika ku Boma. Ndikungonena zimene zinachitika.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, muzimuimbira foni Eveles. Wayambanso kupita kudimba, koma amadzera njira yakutali kuti asaone mtsinje, ndipo ine ndikakhala naye mawu amandisowa. Chachiwiri, mukamabwera patchuthi muwagulire amayi anu chitenje chopanda nkhope ya munthu. Ine sindidziwa kusankha. Musawauze kuti ndakutumani ndine.

Mupereke moni kwa amuna anu ndi adzukulu anga. Amayi anu ali bwino, akukolola chimanga, ndipo sanandikumbutse za kuwadzudzula kuja. Bola akanandikumbutsa.

Chigamulo cha komiti n'chakuti mlatho ukhale patsogolo, shedi idze pambuyo, ndipo a Goliati akapereke maganizo amenewa ku khonsolo. Anavomereza ndi mayi Eliness, a Goliati, mayi Shakira m'malo mwa amayi a pamsika, ndi mamembala onse kupatula mmodzi wa kutsidya, amene anakana poyera, monga mwa ufulu wake. Ine mwa chizolowezi sindikweza dzanja, ndimangowerenga a anzanga. Tsiku limenelo ndinawerenga ndi langa lomwe.

Ndine bambo wanu,
Sylvester Sitima