Kusaka Mawu Atsopano a Ankolo Maswiti

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya makatuni ya gulu la Mwana Ngwathu

Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni 2025
Malo: Chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa golosale ya a Saidu Ismael, pa boda ya Mchinji
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka:
Bambo Benedict Miti, wapampando
Mayi Sheila Njobvu, mlembi
Bambo Saidu Ismael, msungichuma
Millicent Sakala, wojambula makatuni
Lovemore Zulu, membala
Mayi Esitele Khomba, membala

Mlendo: Bambo Dickson Mbewe a ku Guilleme
Opepesa: Bambo Kwacha Tembo, ali kumaliro ku Ludzi

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anapempha a Saidu kuti apemphere, popeza mwezi watha anapemphera ndi Akhristu. Kenaka analandira a Mbewe, amene ndi malume ake a Princess, mtsikana amene Lovemore akufuna kumanga naye banja. A Mbewe anati sanabwere kudzacheza, abwera kudzaona ndi maso awo. Anakana mpando ndipo anakhala pa thumba la shuga pafupi ndi khomo, chipewa chili kumutu.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. A Saidu anapempha kuti pamene panalembedwa kuti "anakalipa" pakonzedwe, chifukwa iwo anangokweza mawu. Mlembi wakonza, ngakhale analipo tsikulo ndipo makutu ake ali bwinobwino.

3. Vuto la Lovemore

Wapampando anakumbutsa komiti kuti chaka chatha gulu linapanga katuni yochenjeza makolo za anthu amene amanyengerera ana ndi kuwazembetsa kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya kutali ndi kwawo. Munthu woipa m'katuniyo ndi Ankolo Maswiti, ndipo amene anamulankhulira ndi Lovemore, poti amuna ena onse anakana. Katuniyo inafala m'mafoni mpaka ku Chipata. Wapampando anati izi ndi zonyaditsa, koma zapweteketsa mnzathu.

Lovemore anati iye amadyera kabaza, ndipo wakabaza amagulitsa ndi pakamwa. Masiku ano akangoitana makasitomala pa boda, amayi amatembenuka ndi kukokera ana awo kumbuyo. Ana asukulu amene ankawanyamula m'mawa makolo awo anawaletsa, ndipo akamadutsa amamukuwiza kuti Ankolo Maswiti. Anati zonsezi akanapirira, koma chinkhoswe chake, chimene chinayenera kuchitika mu Epulo, akwawo kwa Princess anachiimitsa. Anapempha kuti m'gawo lachiwiri la katuniyi mawu ake asamvekenso.

A Mbewe atapatsidwa mpata anati iwo si mwana, akudziwa kuti chojambula ndi chojambula. Koma katuniyo anaimvetsera bwino, ndipo munthu sanganyengerere mokoma chonchija ngati sanachitepo. Anati, "Mawu aja sanali oloweza. Mnyamatayu ntchito imeneyi akuidziwa." Anaonjeza kuti mwana wa mlongo wawo sangamupereke kwa munthu amene amayi amamubisira ana.

Lovemore anangowerama. Mlembi anafuna kuyankha koma wapampando anamukumbutsa kuti ntchito yake ndi kulemba.

4. Lipoti la Millicent pa za makina olankhula

Millicent anati monga anatumidwira, wafufuza mapulogalamu a pakompyuta amene munthu amatayipa mawu, iwo n'kuwalankhula mokweza. Anayesa ambiri ndipo anabwera ndi atatu.

Yoyamba Chichewa sichidziwa. Atailembera moni, inawerenga ngati mzungu amene wangofika kumene ku mishoni. Onse anaseka kupatula a Mbewe.

Yachiwiri imamveka bwinoko, koma imafuna netiweki nthawi zonse. Millicent anati kuno ku boda foni imangodumphira ku netiweki ya ku Zambia, ndipo bandulo imasungunuka ngati mchere m'madzi. A Saidu anati imeneyo tisataye nayo nthawi.

Yachitatu ikalowetsedwa mu laputopu imagwira ntchito popanda netiweki, ndipo ili ndi mawu atatu: a bambo, a mayi ndi a mwana. Millicent analumikiza sipika, anaonetsa chithunzi cha Ankolo Maswiti ndi chisoti chake chofiira chija, ndipo anatayipa. Chithunzicho chinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji nonse? Ine ndaswera bwino."

Mlembi akuvomereza kuti apa anasiya kulemba. M'chipindamo munalibe amene anatsegula pakamwa, koma tinamva bambo akutipatsa moni m'Chichewa chathu chomwechi, chomveka bwino kuposa cha ena a ife. Mayi Esitele anayankha kuti "Taswera," kenaka anadzigwira pakamwa. Wapampando anaimirira, anazungulira tebulo kukasuzumira kumbuyo kwa laputopu, n'kubwerera kukakhala. A Saidu anati akhala akugulitsa mawailesi kuyambira ali mnyamata, koma wailesi imabwereza zimene munthu wanena kwinakwake. Ichi chikunena zimene palibe munthu wanena.

A Mbewe anati mwina ndi Lovemore yemweyo akulankhulira m'mimba, poti anyamata a masiku ano ali ndi njira zambiri. Anapempha kuti amwetsedwe madzi asameze. Lovemore anavomera, anadzaza madzi m'kamwa, masaya ali tuu. Kenaka a Mbewe anauza Millicent kuti atayipe mawu amene iwo atchule, kuti pasakhale zokonzeratu. Anatchula kuti, "Ng'ombe ya a Mbewe yathyola khola dzulo ndipo yadya mtedza wa eni ake." Ankolo Maswiti ananena zomwezo osaphonya. A Mbewe anati nkhani ya ng'ombeyi sanauzepo munthu ngakhale mkazi wawo. Anasuntha thumba lija kufika pafupi ndi tebulo. Lovemore tinamuiwala ndi madzi ake mpaka anakhosomola.

Mayi Esitele anafunsa kuti mawuwo mwini wake ndani, kuopa kuti tingachotse tsoka pa Lovemore n'kukalisenzetsa mwana wa eni kwina. Millicent anati malinga ndi zimene analemba opanga pulogalamuyo, anthu ambiri anawerenga ziganizo, makinawo n'kuphunzira kwa onsewo, choncho mawu otulukawo si a munthu mmodzi. A Saidu anati ndiye kuti bambo ameneyu alibe mudzi, alibe mfunda, alibenso malume a mkazi oti amuimitsire chinkhoswe. Wapampando anapempha a Saidu kuti abweze mawu omalizawo. Anabweza, koma mlembi anali atalemba kale.

Komiti inayesanso mawu a mayi ndi a mwana. A mwanawo anatidabwitsa kwambiri, chifukwa ankamveka ngati kamtsikana ka Sitandade 3 koti ukhoza kukatuma kuchigayo.

5. Kuyesa mawu enieni a Ankolo Maswiti

Wapampando anapempha kuti makinawo anene mawu a m'katuni, pamene Ankolo Maswiti akupempha mwana kwa mayi ake. Millicent anatayipa ndipo tinamva izi: "Mayi, chimanga chanu chacha bwino chaka chino. Nanga mnyamatayu akungokhala? Ndipatseni ine. Kumeneko akadya bwino, ndipo pobwera abwera ndi njinga yakeyake."

A Saidu anati basi vuto latha. Lovemore anamwetulira koyamba chilowereni m'chipindamo.

Mayi Esitele anatsutsa. Anati makinawo ndi odabwitsa ndithu, ndipo akafika kunyumba sakudziwa kuti akafotokoza bwanji. Koma bambo wa m'makinayo akulankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Saseka, sapuma, satsitsa mawu. Palibe mayi angamuyalire mkeka munthu wotere. Anati ana ndi makolo akaonera katuni yotereyi aziganiza kuti wozembetsa ana amamveka ngati mlendo, pamene weniweni amamveka ngati wa kwanu.

Apa anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awanenera, ndipo ndi awa:

"Ambiri mukudziwa kuti mwana wanga Enoki anasowa zaka ziwiri n'kubwera ndi zipsera kumsana. Ndinkanena kuti anathawa yekha. Sanathawe. Munthu amene anamutengayo anakhala pa mkeka wanga, anamwa thobwa langa, anaseweretsa wakhanda, ndipo ndinamupatsa Enoki ndi manja angawa. Mawu a m'katuni aja ndi ake, sindinasinthe ngakhale amodzi. Lovemore poyamba ankawalankhula mokalipa ngati chigawenga. Ndinamuitanira pakhonde panga, ndinamuphunzitsa poti aseke ndi poti anong'one, mpaka tsiku limene ndinamva ngati munthu uja wabweranso. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu, chifukwa ndinali ndi manyazi. A Mbewe, mwanena zoona kuti mawu aja ndi a munthu woidziwa ntchitoyo. Koma woidziwayo si mwanayu."

A Mbewe anafunsa Lovemore chifukwa chimene sananenere zimenezi pamene ankhoswe ake ankabwezedwa. Lovemore anati nkhaniyo sinali yake.

Wapampando anati komiti yagwidwa pakati. Tikatenga makina, Lovemore apuma koma katuni ifooka. Tikakana makina, tifunika munthu. Anafunsa ngati pali mwamuna wodzipereka. A Saidu anati ali ndi golosale. Wapampando anati ali ndi chifuwa. Lovemore anati ngati zili choncho alankhulanso iye, poti dzina lake linaipa kale, sangalole kuti la wina liipenso.

6. Pempho la mlendo

A Mbewe anapempha kulankhula ngakhale si membala, ndipo analoledwa. Anati iwo amawerenga Mawu a Mulungu m'tchalitchi Lamulungu lililonse, ndipo kuyambira ku Guilleme mpaka pa boma palibe amene sadziwa mawu awo. Anati akufuna aone ngati zili zoona kuti munthu wosalakwa angalankhule zimenezi zikamveka. Anapempha pepala.

Atawerenga koyamba, Mayi Esitele anati, "Mukundilalikira, bambo. Ndinyengeni." Atawerenga kachiwiri anawauza kuti pa chimanga paja aseke kaye pang'ono, ndipo pa njinga paja atsitse mawu ngati akuwauza chinsinsi. A Mbewe anadandaula kuti chiyambire sanakonzedwepo pa kawerengedwe, koma anayesanso.

Kachitatu sanayang'ane papepala. Anayang'ana Mayi Esitele, anaseka pang'ono, n'kuyamikira chimanga chija. Pofika pa njinga, anatsitsa mawu. Anali a Mbewe omwewa, amene timawadziwa ndi Baibulo m'manja, koma aliyense wa ife akanawapatsa mwana. Mayi Esitele anaimirira n'kutuluka panja, ndipo Millicent anawatsatira.

A Mbewe anaika pepalalo pa tebulo pang'onopang'ono ndipo anavula chipewa. Anati, "Ine sindinabepo mwana wa munthu. Koma zatuluka." Kenaka anati makina aja awadabwitsa, koma pakamwa pawo pawadabwitsa koposa.

Amayi awiri aja atabwerera, komiti inagwirizana izi:

Pulogalamu yachitatu yalandiridwa. Izilankhulira wofotokoza nkhani, mbuzi ya m'katuni, ndi ana onse, kuti pasadzapezeke mwana wa munthu wokuwizidwa kusukulu.

Ankolo Maswiti azilankhulidwa ndi munthu, ndipo gawo lililonse azikhala wina, kuti anthu adziwe kuti mawu amenewa angatuluke pakamwa pa aliyense. Gawo lachiwiri alankhula a Mbewe. Lachitatu alankhula wapampando, chifuwa chikadzapola. A Saidu anati aona, ndipo mlembi wawalemba pa gawo lachinayi.

Mayi Esitele aziphunzitsa onsewa. Anavomera kuti mawu awo a pa mfundo yachisanu akhale m'zolembedwa zino ndipo awerengedwe ku gulu lonse.

7. Zina ndi zina

A Saidu anapempha kuti makina aja awajambulire mawu oitanira anthu ku golosale. Wapampando anati nkhaniyi si ya komiti.

A Mbewe anapemphanso mpata. Anatembenukira kwa Lovemore ndipo anamutchula kuti a Zulu. Anati iwo analakwitsa, ndipo kwawo akanena okha. Anati auze ankhoswe ake kuti abwere Loweruka pa 12 Julaye, ndipo ulendo uno sabwezedwa. Yankho la Lovemore silinamveke bwino, choncho silinalembedwe.

8. Tsiku la msonkhano wotsatira

Msonkhano unayenera kudzakhala pa 12 Julaye. Wasunthidwira pa 19 Julaye, malo omwewa, chifukwa pa 12 komiti yonse idzakhala ku chinkhoswe.

9. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 5 koloko madzulo, ndipo anapemphera ndi Mayi Esitele. A Saidu anati awaperekeze a Mbewe ku siteji pa galimoto yawo. A Mbewe anathokoza koma anakana. Anakwera kabaza ya Lovemore ndipo anamuuza kuti asadzere njira yachidule, adzere pamsika pa boda pomwe pali anthu, ndipo apalase pang'onopang'ono.

Wapampando: Benedict Miti ....................

Mlembi: Sheila Njobvu ....................