Lamba wa Makina a Thonje Watithyolera Mnzathu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi kwa Kawinga, koma ndimagwira ntchito pa kampani ina yopuntha thonje kuno ku Balaka. Ife amayi timathira thonje m'makina. Pambali pathu pamayenda lamba wamkulu wozunguza makinawo, ndipo ali poyera, wopanda chomutchinga.

Mwezi wathawu lambayo anakola nsonga ya chilundu cha mnzanga Clementina. Tonse tinakuwa kuti, "Masula nsalu!" Iye sanamasule. Apongozi ake, a Blasius, amasenza mabelo a thonje m'shedi momwe muli makinamo ndipo anali ataima poteropo. Clementina anagwiritsa nsaluyo ndi manja awiri, makina nkumukoka mpaka mkono kuthyoka. Nditakamuona kuchipatala anandiuza kuti, "Ndikanaima bwanji wosavala pamaso pa apongozi?" Aphungu, ndinalira, chifukwa nanenso ndikanachita chimodzimodzi.

Tsopano tagawanika. Mnzathu Sakina akuti tikadandaule kwa bwana woona za antchito ku Boma. Amuna anga, a Ambrose, akukana. Akuti, "Iyayi, Boma likabwera lidzangoti akazi asayandikirenso makina, nonse mudzachotsedwa. Ngati pakuopsa ingochokanipo. Mwini kampani akaona kuti anthu akuthawa adzakonza yekha." Nzoona kuti kampani ina ya kutsidya kwa njanji inatchinga lamba wake ndi matabwa, koma malo a amayi anadzaza kale.

Ntchitoyi ndikuifuna, ndiyo ikuphunzitsa mwana wanga wamkulu ku mishoni. Koma m'mawa uliwonse ndikamva makina akulira, ndimakumbukira mkono wa Clementina. Ndithawe, ndikaneneze, kapena ndingokhala chete?

E. D., Balaka

Mayi E. D.,

Kukhala chete kokha ndiko ndakukanizani. Zinazo tiyeni tikambirane.

A Ambrose ali ndi mfundo, koma akuwerengera mwini kampani mtima umene mwina alibe. Mukachoka inu nokha lero, mawa pachipata padzaima mayi wina wochokera ku Chiuta, amene lambayo sanamuonepo nkomwe. Kuthawa kumaluma bwana pokhapokha othawawo ali ambiri ndiponso ali ndi kolowera. Inu mwanena nokha kuti kutsidya kwadzaza. Nanga muthawira kuti, m'thumba la a Ambrose?

Sakina nayenso asaganize kuti Boma ndi malume ake. Mantha a amuna anu si opanda pake. Munthu wokhala mu ofesi akamva kuti mkazi wavulala, njira yapafupi kwa iye ndi kuchotsa akaziwo. Ndiye muyenera kumuuza bwino chimene mukufuna.

Yambani pafupi. Ino ndi nyengo yogula thonje, ngolo zikubwera zodzaza, ndipo mwini kampani sangafune kuti makina aime ngakhale tsiku limodzi. Sonkhanani amayi nonse, mupite kwa kapitawo pamodzi, mwaulemu, mupemphe chinthu chimodzi chokha: matabwa otchinga lamba monga achitira anzawo a kutsidya. Tchulani kampani inayo mokweza ndithu. Wamalonda sakonda kumva kuti mnzake wamuposa. Mutenge a Blasius atsogole. Ndikhulupirira bamboyo sakugona tulo, ndipo mawu a mwamuna amene mpongozi wake anavulala pomulemekeza adzamveka.

Akakuyankhani zozemba, pitani ku Boma osazengereza. Lamulo limathandiza pamene mpikisano wa amalonda walephera, chifukwa limagwira kampani zonse, ndipo limateteza ndi mayi amene adzalembedwe ntchito inu mutakalamba. Nthawi zambiri mwini kampani akangomva kuti amayi akudziwa njira ya ku Boma, kalipentala amapezeka msanga.

Podikira zimenezo, mangani chilundu mothina, nsonga muziilowetsa mkati, mpango nawonso usalendewere. Kolekani nsalu yapadera pa msomali pafupi ndi pomwe mumaima, yoti muvale msanga inayo ikakodwa. Ndipo mupangane ndi abambo a m'shedimo kuti wina akakuwa, mmodzi athamangire kuzimitsa makina, ena onse atembenukire kukhoma. Mayi akadziwa kuti palibe amene akumuyang'ana adzamasula nsalu msanga. Ulemu kwa apongozi ndi chinthu chabwino, ine ndimaukonda, koma palibe mpongozi wanzeru amene angaulandire pamtengo wotere.

Mwandilimbitsa mtima polemba, mayi. Amayi amene ayamba kufunsana mafunso otere sakhalitsa pambali pa lamba wosatchinga.

Chenjezo langa ndi ili. Kaya ndi kwa kapitawo kaya ku Boma, musakayambe ndi mawu akuti mukuopa makina, chifukwa adzakuchitirani chifundo chokutumizani kumudzi. Mukanene kuti ntchitoyo mukuidziwa, mukuifuna, ndipo mukufuna kumaweruka madzulo ndi manja onse awiri oti mukanyamulire ana anu.

Aphungu