Kondakitala wa Sitima ya ku Lefferts

Lolemba, 10 Sepitembala

Tsiku loyamba kusukulu ya ukondakitala wa sitima za pansi pa nthaka. Ku Brooklyn, kutali ndithu ndi kuno ku Queens, dera lathu mumzinda uno wa ku America. Nsapato zantchito zolemera ngati njerwa, matuza kale kuchidendene. M'kalasi ambiri ndi ana. Ine ndi imvi zanga ndakhala kumbuyo.

Mphunzitsi ndi mayi wamfupi, a Tillery, mawu ngati belu. Akuti, "Chaka choyamba nchoyesedwa. Wochedwa, khomo ndi ilo. Wojombajomba, khomo ndi lomwelo."

Mayeso a ntchitoyi ndinalemba kalekale, impso za amuna anga a Compton zisanayambe kuvuta. Ndinali nditaiwalako. Andiitana lero lino pamene iwo akukhalira kupita ku makina osefa magazi. Koma ntchitoyi ili ndi inshulansi ya chipatala, yanga ndi yawo. Ija yosamalira okalamba m'makomo inalibe. Ndikanakana bwanji?

Kunyumba ndawapeza pampando wawo, bulangete m'miyendo. Akuti, "Tawaoneni abwana a zitseko. Ndiye kuti ife tizikwera ulere eti, Waveney?"

Lachinayi, 13 Sepitembala

Atilowetsa mumphanga momwe mumadutsa sitima. Kuyenda m'mbali mwa njanji, tochi m'manja. Njanji yachitatu ndiyo yamagetsi, ukaigunda kwako kwatha. Sitima inatidutsa titamatirira kukhoma, mphepo yake kukoka malaya. Mtsikana wina analira, masana sanabwerenso. Koma ine ndinaima. Makoswe onenepa, opanda ndi manyazi omwe.

A Compton kuchipatala awaperekeza ndi a Yonette, mlongo wawo wamkulu. Pochoka andisiyira mawu m'khitchini: "Zaka zonsezi iwe kusambitsa nkhalamba za eni. Lero wako wadwala, wapita kokasewera ndi sitima."

Ndinatsukanso mbale zotsuka kale.

Lamulungu, 23 Sepitembala

Kutchalitchi sitinapite, alibe mphamvu. Mpunga ndi nkhuku, wopanda mchere monga ananenera dokotala. Akuti ukukoma ngati nyuzipepala. Adyako pang'ono pofuna kundisangalatsa.

Masana tayeserera ntchito yanga. Chipande ndiye maikolofoni. Ine kutchula masiteshoni, iwo akhala chidakwa chogwira chitseko. "Kwezani mawu mayi, kumbuyo kuno sitikumva!" Taseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Mapazi awo atupa. Masokosi akukana kulowa.

Lachitatu, 10 Okutobala

Ndayamba kukwera ndi kondakitala wakale, a Figueroa. Kachipinda kathu kali pakati pa sitima, kothina, kununkha chitsulo. Ikaima, kutsitsa zenera, kuloza bolodi la mizere yakuda ndi yoyera kutsimikiza kuti yaima pamalo pake, ndiye kutsegula. Kutseka zakumbuyo, kutseka zakutsogolo, mutu panja mpaka itanyamuka. Foni yozimitsa, m'chikwama. Akakupeza nayo m'manja, basi.

Bambo wina wa tayi wandilavulira chifukwa zitseko zinatsekeka asanafike. Malovu pakolala. A Figueroa anandipatsa kansalu nati, "Takulandirani m'banja, achemwali."

Kunyumba sindinanene. Anandifunsa kuti zayenda bwanji, ndinati bwino.

Lachisanu, 26 Okutobala

Ndakhoza. Makiyi anga, wailesi yanga yolankhulirana, chipewa. A Tillery anandigwira chanza, anamwetulira ndithu. Anzanga anabwera ndi mabanja awo, zithunzi thothotho. Ine ndekha.

Kufika kunyumba, a Compton avala jekete laukwati, akundidikira pabalaza. Likuchita kulendewera m'mapewa. "Tatembenukani ndione. Ha! Ndinakwatira boma ine." Ndinathawira kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asamve.

Ongoyamba alibe chosankha. Amakuponya kulikonse komwe kwaperewera munthu. Masiku anga opuma sakukumana ndi awo a kuchipatala. A Yonette abwera ndi chikwama, akugona pasofa. Timangolankhulana za mankhwala.

Lachiwiri, 13 Novembala

Awagoneka m'chipatala. Madzi m'mapapo, mtima nawo watopa. Ndikumapita m'mawa ndisanalowe ntchito, nditavaliratu yunifolomu. Manesi ayamba kundifunsa za sitima zochedwa.

Lero ndinawauza kuti ndikufuna ndisiye, ndizikhala pambali pawo. Anakwiya, koyamba chidwalireni. "Mukasiya, ine ndikachoka muzidya chiyani? Misozi? Pitani, anthu aima pazitseko."

Ndinawameta ndevu. Masaya alowa, lumo limachita kusochera. Anatsinzina, ndinayesa agona. Ndili pakhomo anati, "Mumameta bwino kuposa Rawle." Rawle wawameta zaka zonse, ndipo amamutukwana nthawi iliyonse.

Ndinatsala pang'ono kuchedwa.

Loweruka, 24 Novembala

A Compton anatisiya Lachitatu.

Linali tsiku loti mawa lake nchikondwerero chothokoza cha kuno ku America, mzinda wonse paulendo. Masutikesi, ana, nkhukundembo m'majumbo. Sitima yodzaza mpaka pakhomo. Ine kukuwa tsiku lonse, sunthirani mkati, siyani zitseko. M'mawa ndinali nditawaona. Anamwa tiyi. Anadandaula za pilo. Palibe chinandiuza kanthu.

Titafika ku Lefferts, pothera njanji, ndinayatsa foni. A Yonette, a Yonette, a Yonette, mndandanda wonse. Uthenga woyamba, bwera msanga. Wina, uli kuti. Womaliza, usathamange.

Ndinakhala pansi papulatifomu pomwepo. Mayi woyang'anira siteshoni anandichotsa makiyi m'manja chala chimodzichimodzi, nandiitanira takisi.

Ndinawapeza atawachotsa mapaipi onse. Nkhope yosalala. Manja anali asanazizire kwenikweni. A Yonette anali pazenera, atandifulatira. Anangoti, "Amafunsa kuti wafika siteshoni iti."

Ndayesa kuganiza kuti ndinali pati nthawi imeneyo. Mwina pansi pa mtsinje. Mwina ndimakalipira munthu wa njinga. Sindidzadziwa.

Lachinayi, 29 Novembala

Tawaika dzulo. Kuno, osati ku Berbice, kwathu ku Guyana, kumene ankati akagone pafupi ndi mayi awo. Nthaka yozizira yachilendo.

Masiku onsewa nyumba yodzaza ndi akwathu a ku Guyana. Nyimbo zachitsitsimutso pabalaza, madomino kukhitchini, khofi wakuda ndi mabisiketi. Anzawo a kugalaji abwera ndi zala zakuda, akuti a Compton ankamva matenda a galimoto isanakhote n'kukhota komwe. Rawle analira ngati mwana. A Figueroa anabwera atavala yunifolomu, anaima kumbuyo, chipewa pachifuwa.

Ndinamva azimayi awiri akunong'ona pamasitepe. "Mkazi wake anali kuntchito." Winayo, "Ku America kuno." Atandiona anayamba kuyamikira maluwa.

A Yonette atenga chikwama chawo. Sanatsanzike.

Ntchitoyi ndinailowera iwo. Tsopano ndizidzukiranji?

Lolemba, 10 Disembala

Ndabwerera kuntchito sabata yatha. Manja akugwira okha, mutu kulibe. Kuloza, kutsegula, kutseka. Anthu nkhope zofanana. Lachisanu ndinaima pakhomo la ofesi makiyi ali m'manja kuti ndikabweze. Munali mzere, ndinatopa, ndinapita kwathu. Chakudya sindikuphika. Buledi ndi tiyi, chiimire.

Lero masana andipatsa sitima ya kwathu komweko. Kuzizira kolasa m'mafupa, njanji zili pamwamba pa msewu, mphepo yochokera kunyanja. Tikuima pa siteshoni ya Rockaway Boulevard, ndatsitsa zenera, ndatukula dzanja kuti ndiloze. Pansi pa bolodi penipeni, a Yonette. Chikhoti chachitali, mphuno yofiira, kajumbo m'manja.

"Sitima zonsezi ndakhala ndikusuzumira zenera lililonse. Wina wandiyesa wamisala." Anandikankhira kajumboko. Roti wotentha, buledi wakwathu wopyapyala, wokulunga m'nsalu ya mbale. "Kwanga kuli zii, khoma likundiyang'ana. Wadya, mlamu?"

Chikwatiwireni sanandiitanepo choncho.

Anthu analowa, woyendetsa akudikira ine. Ndinati kwerani kapena sunthani, alamu, ndikutseka. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Kenako anakwera. Anakhala pampando woyandikana ndi kachipinda kanga, chikwama pamiyendo ngati ali m'tchalitchi. Sanafunse n'komwe kuti sitimayi ikupita kuti.

Ndinatseka zakumbuyo, ndinatseka zakutsogolo. Pa siteshoni yotsatira ndinagwira maikolofoni, mawu osatuluka. Inanso chimodzimodzi. Anthu anangotsika okha, amadziwa kwawo.