Nkhwangwa Pamanda Panu

Amayi, kodi kumeneko kukuyenda bwanji? Kuno ku Dambe tilipo ndithu. Mbatatesi yachita bwino chaka chino, koma tirigu mbalame zatithandiza kukolola. Mng'ono wanga Feliya wabereka mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe chija, ndipo akayamba kulira sanyengerereka. Zipani nazo zachuluka, moti masiku ano munthu akafuna kuchita mwano amangoti ndi ufulu wake.

Katswiri pa ufulu umenewu ndi mwana wanu Yosefe. Wabwerako kusukulu kuja ku Amereka, wanenepa, ndipo wabweretsa zithunzi zodzaza envulopu. Anatiitanira tonse pakhonde kuti tione. Ine ndimayesa ndiona sukulu yake. Ayi ndithu, Amayi, manda okhaokha. Akuti mumzinda wakale umene ankakhala, manda ndi malo okaonako alendo, chimodzimodzi matchalitchi akale ndi ziboliboli za m'misewu. Akufa sawakwirira pansi chifukwa madzi ali pafupi. Amawaika m'tinyumba ta miyala tondandalikana ngati magolosale a pa Lisungwi. Anthu amalowamo atavala makabudula, wina patsogolo akulongosola kuti uyu anafa ndi chiyani, enawo akunyambita ayisikilimu. Pa chithunzi china Yosefe wakhala pamwamba pa manda a munthu wosamudziwa, miyendo ili lende, mano onse panja. Tiyi amene ndinkamwa ndinamusiya pomwepo.

Ndinakumbuka tsiku lija ndili mtsikana, mutandipeza ndikutola nkhuni m'mphepete mwa manda. Munanditayitsa mtolo wonse n'kunena kuti, "Kumanda kulibe chotenga, kulibenso chokaona, Esinala. Kumeneko timapita maliro akatiitana basi."

Ndiye tamvani zomwe Yosefe waganiza. Akuti anzake achizungu abwera chilimwe chino, ndipo sangawaonetse tchire n'kumati mayi ake agona mmenemo. Akufuna adule mitengo yonse ya pamanda, alambule msewu, akumangireni chiliza cha matailosi choti anthu azijambulitsapo. Ndinamuuza kuti inu si chiboliboli. Anangondiseka. "Achemwali," akutero, "kuja munthu woti anafa kalekale dzina lake likuwerengekabe. Kuno anthu timangowataya m'thengo."

Lachiwiri m'mawa ndili kudimba ndinamva nkhwangwa. Yosefe anali atalemba ganyu amuna awiri a ku Matandani, poti a m'mudzi muno onse anamukanira. Ndinathamanga khasu lili m'manja n'kulowa m'manda, ine mkazi ndekha, popanda maliro. Msuku umodzi unali utagwa kale. Ndinawalalatira amunawo mpaka anatola nkhwangwa zawo n'kumapita, wina akupepesa kuti iwo anangotumidwa.

Atachoka ndinati poti mwambo ndaphwanya kale, bola ndikupatseni moni. Apa ndiye pakundivuta kulemba. Amayi, sindinakupezeni. Zaka zitatu zokha, milu yatitimira, masamba akwirira paliponse, ndipo kamtanda kathabwa kaja chiswe chinamaliza kalekale. Ndinazungulirazungulira ngati nkhuku yosowa poikira. Pali milu iwiri yoyandikana, wanu ndi wa azakhali. Ndinagwada pa umodzi n'kulira, ndikukuuzani zonse za mumtima mwanga, osadziwa ngati ndikulankhula ndi inu. Ndinanyansidwa ndi ine mwini, mwana wolusa chotere koma wosadziwa pomwe mayi ake agona.

Yosefe sindinamuuze zimenezi, angakule mtima. Msewu wakewo sadzaulambula ine ndili moyo, mtengo wina sudzagwanso, ndipo palibe mlendo adzakhale pa inu akuseka. Koma mawa ndilawirira kwa a Filimoni, mdzukulu amene anakumba nawo manda anu, kuti akandilozere malowo, pakuti maso awo ayamba kuvuta ndipo anzawo aja anatsikira kuli chete. Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndikuikirani mwala waung'ono wolembedwa dzina lanu, mumthunzi momwemo. Ngati tsiku lija ndinagwada pa azakhali, muwapemphe akuuzeni zomwe ndinanena, chifukwa zonse zinali zanu.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esinala