Mzere Wanga Ukakhota

Namacula, Lichinga
14 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Sílvio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Mwana wanga Julieta anafika Loweruka kuchokera kwa mayi aang'ono a Alda ku Lione. Zikomo, mwasunga mawu anu ngati mwini mbumba. Munati mzere wa matenda anga a bipolar ukawongoka pa foni, mwana abwerera kwa ine.

Mzerewo inu mumangouona uko, kapangidwe kake simukadziwa. M'mawa uliwonse foni imandifunsa ngati ndagona, ngati ndamwa mankhwala, kenaka imandionetsa nkhope zisanu, kuyambira yolira mpaka yoseka. Ndikadina imodzi, yankho limapita kwa a Nafissa, namwino wa kuchipatala, ndi kwa inu. Mayankhowo ndiwo amajambula mzerewo. Chaka chatha unkakwera, muja ndinkagawa zovala zanga pamsika ndikuimba, kenaka nkugwa, ine gone osasamba. Tsopano ndimadina nkhope yapakati, ya kamwa lowongoka. Sikuti ndimanama ayi, ndiyo yokha ikufanana nane.

Koma achimwene, Julieta atatsika chapa, minibasi yathu ija, anandithamangira, ine ndinangoima ngati mtondo. Ndinaona kuti wachoka dzino, ndinamulandira thumba, ndinamufunsa za ulendo monga timafunsira mlendo. Mumtima munalibe kanthu, chimwemwe ngakhale chisoni. Dzulo tikudya anandifunsa kuti, "Mama, mwandikwiyira chifukwa ndinapita?"

Kuchipatala a Nafissa anandiyamikira, akuti mzere wanga ndi wokongola, ine nkuthokoza. Ndikanawauza za mumtimazi mwina akanayang'ananso mankhwala. Koma anandichenjezapo kale kuti akawasintha mzere ukhoza kugwedezeka kaye, ndipo inu ndi foni yanuyo muuona musanamwe ndi tiyi yemwe.

Lolemba ndipita kukawauza zonse. Ndikukupemphani chimodzi chokha: mukaona mzere wakhota, ndiimbireni kaye mumve mawu anga musanatume munthu kudzatenga mwana. Ndikanalemba kuti ndikuopa, koma ngakhale manthawo sindikuwamva. Ndikungodziwa kuti akachokanso, sadzafunsanso ngati ndakwiya, adzangotsimikiza.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Julieta akupereka moni. Ali pambali panga pano, akundiyang'ana kumaso ndikulemba, akudikira kuti ndimusekerere.

Ine mlongo wanu,
Vitória